Juwisi wosasa ndi chakudya, asagulitsidwe ngati mankhwala

Aliyense amene adadutsapo pa Zalewa m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi amadziwa chuma chimene maboma a Neno ndi Mwanza ali nacho. Manachesi ndi malalanje amachita kuunjikidwa milumilu m'mbali mwa msewu, ndipo ikafika Novembala mango ndiwo amalanda malo. Kumunsi kotentha, cha ku Lisungwi, Kam'mwamba ndi Matope, kuli milambe ndi mitengo ya bwemba imene palibe adaibzala koma imabereka chaka ndi chaka.

Vuto ndi lakuti zipatso zimapsa nthawi imodzi. Msika ukadzaza, wogula ndiye amatchula mtengo, ndipo zimene zatsala dzuwa likamalowa zimayamba ulendo wopita kudzala. Banja limene lasamalira mitengo chaka chathunthu limaonerera thukuta lake likudyedwa ndi ntchentche.

Choncho n'zosadabwitsa kuti nkhani yosasitsa juwisi wa zipatso pakhomo ikukopa anthu. Mawu akuti probiotic, amene amalembedwa pa zikho zina za yogati m'masitolo, afika m'makutu mwa ambiri, ndipo anthu amva kuti chakumwa chosasa chimakonza m'mimba. Mayi wa pa Ligowe kapena pa Zalewa amene ali ndi dengu la mango otsala ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuyesa.

Ayese ndithu. Luso losasitsa zakumwa ndi lakale ndipo ndi labwino. Koma pali zinthu ziwiri zimene boma la Neno, kamba ka mbiri yake, silingazitenge mwachibwana: madzi amene alowe mu juwisiyo, ndi mawu amene wogulitsa anene pomutsatsa.

Kusasitsa si kwachilendo kwa Mmalawi. Thobwa limene limafululidwa pa ukwati, pa chinamwali ndi pa dima limadalira chimera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wa mu phala n'kumusandutsa asidi. Asidi ameneyu ndiye amapatsa thobwa la tsiku lachiwiri kukoma kowawasa kuja. Chambiko nachonso ndi mkaka umene tizilombo tamtundu womwewo tagwirapo ntchito. Agogo sadali kudziwa dzina la Lactobacillus, koma adali kudziwa tsiku limene thobwa likoma ndi tsiku limene lasanduka la akuluakulu okha.

M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi kuwachulukitsa maulendo masauzande angapo. Tambiri mwa ito si toyambitsa matenda. Timathandiza kugaya zakudya zimene mimba payokha siingathe, timapanga mavitamini ena, komanso timatsekereza malo kuti tizilombo toipa tisakhazikike. Katswiri wa ku Russia, Élie Metchnikoff, ndiye adatchukitsa ganizo lakuti kudya mkaka wosasa kungathandize tizilombo tabwinoti. Adalemba zimenezi mu 1907 atachita chidwi ndi alimi a ku Bulgaria amene ankamwa mkaka wosasa kwambiri.

Papita zaka zoposa 100 chilembereni, ndipo akatswiri adamanga mpanda kuzungulira mawuwa. Mu 2001 mabungwe a FAO ndi WHO adagwirizana kuti dzina lakuti probiotic liziperekedwa kwa tizilombo tamoyo timene, tikamwedwa pa mlingo wokwanira, timapindulitsa thanzi la womwayo. Mfundo zake ndi zitatu: tikhale tamoyo, tikhale tokwanira, ndipo phindu lake likhale lotsimikizika. Palibe mayi amene angayeze zitatuzi pakhitchini pake. Chimene iye wapanga ndi chakumwa chosasa, ndipo dzina limeneli ndi lokwanira komanso lolemekezeka.

Apa pali mfundo ina imene ambiri saidziwa. Zipatso si chimanga ndipo si mkaka. Pa khungu la chipatso chilichonse pamakhala tizilombo ta yisiti, ndipo yisiti akakumana ndi shuga sapanga asidi wa mu chambiko uja. Amapanga mowa ndi mpweya. Juwisi wa malalanje amakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 90 pa lita imodzi, ndipo yisiti akamudya yense, chakumwacho chimafika mphamvu yofanana ndi mowa wa m'mabotolo. Otcheza kachasu amaidziwa bwino nkhaniyi, n'chifukwa chake saona chipatso chotsekemera ngati chotaya.

Tanthauzo lake ndi lakuti juwisi wongosiyidwa m'chigubu kwa sabata, kenaka n'kumuthirabe shuga kuti akome, ndi vinyo. Mwana wa sukulu akamwa kapu ziwiri n'kuyamba kusinza m'kalasi, si kuti m'mimba mwake mukukonzeka ayi. Waledzera. Mayi woyembekezera, munthu amene adaleka mowa movutikira, dalaivala wa minibasi ndi wa kabaza, onsewa ayenera kuuzidwa chilungamo za chimene chili m'botolomo. Mipingo yambiri ya m'bomali imaletsa mowa, ndipo sibwino kuti mkhristu kapena msilamu amwetsedwe mowa mwachinyengo pansi pa dzina la thanzi.

Amene akufuna chakumwa chosasa chopanda mowa wambiri ayenera kuchita ziwiri: kuthiramo mbewu ya tizilombo topanga asidi kuti tiyambe msanga yisiti asadatenge malo, ndi kufupikitsa nthawi. Mbewuyo ingachokere ku yogati wosathira zokometsera. Akasefedwa pa kansalu kowiritsa, madzi oyera amene amadontha ndiwo ofunika, ndipo masupuni aakulu anayi amakwanira lita imodzi. Chambiko nachonso chingagwire ntchitoyi malinga chidapangidwa ndi mkaka wowiritsa, chifukwa mkaka wosawiritsa umatha kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena.

Zipatso zikhale zakupsa koma zosatumbuka, zosaboola ndi mbalame kapena mphutsi, ndipo zosatola pansi pamene mbuzi ndi nkhuku zimayendapo. Zitsukidwe ndi madzi otetezedwa zisadasendedwe. Mango amafuna kusungunulidwa ndi madzi ofanana nawo muyeso, ndipo akakhala okupsa bwino safunanso shuga. Malambe ndi bwemba, popeza ndi zowawasa kale, zimaviikidwa, kusefedwa, n'kuthiramo supuni imodzi kapena ziwiri za shuga pa lita. Madzi onse olowa mu juwisi awiritsidwe mpaka abwate kwa mphindi yathunthu, kenaka azizire ali ovundikira. Mbewu ija ikathiridwa m'madzi otentha imafa, ndipo juwisi akawiritsidwa atasasa kale, tizilombo tonse tofunikato tatha.

Chiwiya nachonso chili ndi mawu ake. Botolo lagalasi kapena ndowa yapulasitiki yosungiramo zakudya ndizo zoyenera. Ndowa yamalata ndi poto wa aluminiyamu zimadyeka ndi asidi, ndipo zimene zadyekazo zimalowa m'chakumwa. Chigubu chimene mudali mankhwala a thonje, a mbewu zakudimba kapena mafuta a galimoto chisayandikire n'komwe, ngakhale chitsukidwe kangati. Pakamwa pa chiwiya pamangidwe kansalu koyera, osati chitsekero chothina, chifukwa mpweya ukasowa potulukira botolo limaphulika ndipo galasi lake silisankha diso la mwana kapena la mkulu.

Za nthawi, Neno ndi boma la nyengo ziwiri. Pa Zalewa ndi ku Lisungwi, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumasasitsa juwisi tsiku limodzi lokha. Kumtunda kozizira kwa Dambe, kumene amalima tirigu ndi mbatata ya kachewere, angatenge masiku awiri kapena atatu. Tithovu ting'onoting'ono ndi fungo lowawasa bwino ndizo zizindikiro zoti wafika. Akachita chuku pamwamba, akayamba kunanda, kapena akanunkha zoola, atayidwe yense. Kuyengula chuku n'kumwa zapansi ndi kudzinamiza. Ndipo poti mabanja ambiri alibe firiji, nzeru ndi kupanga wokwanira kutha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Anthu a ku Mexico, amene amasasitsa makoko a chinanazi kupanga chakumwa chotchedwa tepache, nawonso amachimwa patangopita masiku awiri kapena atatu.

Zonsezi ndi zophweka poyerekeza ndi nkhani ya madzi, ndipo apa mpofunika kukumbuka zimene boma la Neno lidadutsamo.

Mu 2009, kuyambira mwezi wa Malichi mpaka Novembala, matenda odabwitsa adagwa m'midzi ya m'malire a Neno ndi boma la Tsangano ku Mozambique. Odwala ankatentha thupi, ena ankalephera kuyenda bwino, ena kunjenjemera ndi kuvutika polankhula. Poyamba anthu adasokonezeka, ndipo zonena zidachuluka. Akatswiri atafufuza adapeza kuti idali tayifodi ya mtundu wosamva mankhwala angapo odziwika. Adawerenga odwala 303 m'midzi 18, ndipo anthu 11 adamwalira. Tayifodi imayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu.

Kenaka padabwera kolera wa 2022 mpaka 2023, woopsa kuposa wina aliyense m'mbiri ya dziko lino. Anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Neno lidali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa. Mu Meyi 2023 boma lidayamba kupereka katemera wa tayifodi kwa ana, chimene ndi chitetezo chachikulu, koma katemera sayeretsa chitsime.

Juwisi wopanga pakhomo ndi madzi ochuluka kuposa chipatso. Akapangidwa ndi madzi otunga mu Lisungwi kapena mu Shire osawiritsa, kapena madzi a pamjigo amene asungidwa mu ndowa yosavundikira momwe aliyense amaviikamo kapu ndi zala, ndiye kuti tizilombo ta matenda tapatsidwa shuga ndi malo ofunda. Ena amati kuwawasa kumapha tizilombo. Pali choona pang'ono: tizilombo ta kolera sitipirira asidi. Koma asidiyo amatenga maola ambiri kuti achuluke, mango ndi mapapaya si owawasa mokwanira pachiyambi, ndipo tizilombo tina totsegula m'mimba timapirira kuwawasa kwa masiku. Firiji nayo siipha tizilombo, imangotigoneka. Mafirizi a malambe amene ana amagula pageti la sukulu ndi abwino kapena oopsa malinga ndi madzi amene adapangira, ndipo mwana alibe njira yodziwira.

Madzi othira mankhwala a kolorini ndi abwino kutsukira zipatso, ziwiya ndi m'manja, malinga adikiridwe mphindi 30 chithirireni mankhwalawo. Koma olowa mu juwisi wosasitsa ndi bwino akhale owiritsa, chifukwa kolorini sasiyanitsa kachilombo kabwino ndi koipa. Nkhuni ndi zodula, zimenezo n'zoona, ndipo mitengo ya m'bomali idatha kale ndi makala. Koma lita imodzi kapena ziwiri zingawire pa moto womwe waphikira nsima, poto asadachotsedwe pamafuwa.

Palinso chiyeso china chimene umphawi umabweretsa: kuganiza kuti chimene chaonongeka, choti sichingadyedwe, chingapulumutsidwe pochisasitsa. Anansi a ku Tete adalipira mtengo wowawa pa ganizo limeneli. Pa 9 Januwale 2015, anthu obwera kumaliro ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, adamwa pombe wofulula ndi ufa wa chimanga. Anthu oposa 230 adadwala ndipo 75 adamwalira, kuphatikizapo mayi amene adafulula mowawo. Mphekesera idafala yakuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Patapita miyezi, zoyeza zidaonetsa kuti mudali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi kachilombo ka Burkholderia gladioli kamene kadamera mu ufa umene udanyowa ndi madzi osefukira n'kuonongeka. Poizoni ameneyu samveka fungo, samveka kukoma, ndipo safa ndi moto.

Za ku Chitima zidali za ufa, osati zipatso. Koma phunziro lake likukhudza aliyense amene amasakaniza juwisi ndi phala kapena ufa kuti akhute, komanso aliyense amene amayang'ana dengu la mango oola theka n'kunena kuti awa ndiwo a juwisi. Kusasitsa kumasunga chakudya chabwino kuti chikhalitse pang'ono. Sikuukitsa chakufa. Wogulitsa pamsika amene akufuna kupulumutsa zipatso zake azichita zimenezo masana zidakali zabwino, osati mkuja zitayamba kudontha.

Tsono funso lalikulu: kodi chakumwachi chimathandizadi m'mimba?

Umboni ulipo, koma ndi wochepa kuposa phokoso lake. Mu 2021 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu akuluakulu 36 athanzi. Theka la iwo lidadya zakudya zosasa zambiri, monga yogati, kefir ndi kabichi wosasitsa, kwa masabata khumi. Mitundu ya tizilombo m'matumbo mwawo idachuluka ndipo zizindikiro zina za kutupa m'magazi zidatsika. Ndi nkhani yolimbikitsa. Koma anthuwo adali ochepa, sadali odwala, ndipo ankadya zosasazo kangapo patsiku, osati kapu imodzi pa sabata. Palinso umboni wakuti mitundu ina ya probiotic, yodziwika dzina ndi mlingo, imachepetsa kutsegula m'mimba kumene kumabwera munthu akamamwa mankhwala opha tizilombo a kuchipatala.

Mbali inayo ya umboni idachokera konkuno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ana 795 onyentchera kwambiri adalowa m'kafukufuku amene zotsatira zake zidasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2009. Ena adalandira chiponde chachipatala chothira probiotic, ena chiponde chopanda. Ochira m'magulu awiriwa adali pafupifupi ofanana. Mu 2018 akafukufuku awiri akuluakulu ku America ndi ku Canada, okhudza ana oposa 1,800 otsegula m'mimba ndi kusanza, adapezanso kuti ana olandira probiotic sadachire msanga kuposa anzawo. Ngati tizilombo tosankhidwa ndi kuwerengedwa m'malabotale tidalephera kuchiza mwana wotsegula m'mimba, juwisi wa m'chigubu sangathe.

Apa ndiye pali moyo ndi imfa. Mwana akatsegula m'mimba, chimene chimamupha ndi kutha madzi m'thupi. Chomupulumutsa ndi Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14, kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndi kuthamangira kuchipatala akayamba kufooka, kulowa maso kapena kuchita chimbudzi cha magazi. Juwisi wotsekemera amakoka madzi kulowa m'matumbo ndipo kutsegulako kumakula. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa. Banja limene lataya usiku wonse likumwetsa mwana juwisi wosasa chifukwa wina adati amapha tizilombo ta m'mimba, lingafike pa Lisungwi kapena pachipatala chachikulu cha Neno nthawi itatha, ndipo anthu a m'bomali amadziwa kutalika kwa mtunda ndi kuvuta kwa mayendedwe m'dzinja. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisalawe n'komwe. Lake ndi bere lokha.

Pali enanso ofunika kusamala. Anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, kaya ndi Edzi imene yafika patali kapena mankhwala a khansa, tizilombo tabwino tomweti tingawadwalitse. Odwala shuga akumbukire kuti juwisi wosasa wa tsiku limodzi akadali ndi shuga wambiri. Onsewa afunse kuchipatala asadayambe, pajatu safunsa adadya phula.

Boma la Neno lidachita zazikulu pa nkhani ya matenda a mgonagona. Bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lidayamba kugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo m'bomali mu 2007, ndipo mu 2015 zipatala za kumeneko zidayamba kuona odwala HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khunyu pa sikelo imodzi. Anthu masauzande ali moyo lero chifukwa amamwa mankhwala awo mokhulupirika. Chingakhale chinthu chomvetsa chisoni kuti phindu limeneli libwerere m'mbuyo chifukwa cha botolo la juwisi lolembedwa kuti limachiza shuga, zilonda za m'mimba ndi BP. Dziko lino lidaonapo kale anthu akutsatira zakumwa zozizwitsa, monga momwe anthu adakhamukira ku Machinga mu 1995 kukamwa mchape, ndipo manda adalandira ambiri.

N'chifukwa chake wogulitsa juwisi wosasa, kaya ndi pa Zalewa, pa Kam'mwamba kapena paboma, anene zoona zokhazokha: wapangidwa ndi chipatso chakuti, tsiku lakuti, ndi madzi owiritsa, ndipo angakhale ndi mowa pang'ono. Akangowonjezera kuti amachiza, walowa m'munda wa mankhwala, umene uli ndi eni ake. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndilo loyang'anira mankhwala ndi kutsatsa kwake, ndipo la Malawi Bureau of Standards ndilo loyeza zakudya ndi zakumwa zoikidwa m'mabotolo. Mabungwewa asamangothera mu Blantyre ndi Lilongwe. Zalewa ili pamphambano pamene msewu wa ku Mwanza ndi Tete umapatukira wa ku Lilongwe, ndipo chimene chagulitsidwa pamenepo chimakagona m'mimba za anthu a maboma ambiri.

Komabe kuletsa kokha si yankho, ndipo kungakhale kupanda chilungamo kwa mayi amene akungofuna kupeza ya sopo ndi ya makope a ana. Neno ili ndi chitsanzo chake chake chosonyeza kuti anthu a kumudzi angathe kupanga chakumwa chaukhondo chofika m'masitolo a m'tauni. Mu 1996 bungwe la Wildlife Society of Malawi, mothandizidwa ndi GTZ ya ku Germany, lidayambitsa ntchito yosamalira nkhalango zachilengedwe ku Kam'mwamba, nthawi imeneyo dera lili pansi pa boma la Mwanza, Neno isadaime payokha mu 2003. Cholinga chidali chakuti anthu apeze ndalama popanda kugwetsa mitengo kuotcha makala. Adaweta nkhanga ndi njuchi, koma chimene chidatchuka ndi juwisi wa malambe ndi wa bwemba, amene pambuyo pake ankagulitsidwa pansi pa kampani ya Village Hands. Juwisi ameneyo sadali wosasa. Koma adaonetsa kuti luso la kuyeza, kusefa, kuwiritsa ndi kutseka bwino botolo lingaphunzitsidwe pamudzi, ndipo amene adaphunzira nthawi imeneyo ndi chuma chimene khonsolo ingachifunefune.

Malambe, pajatu, si chipatso wamba. Ufa wake uli ndi vitamini C wochuluka kuposa wa mu lalanje, ndipo mu 2008 maiko a European Union adauvomereza kuti uzigulitsidwa kwawo ngati chakudya. Ku Zimbabwe, m'boma la Binga, anthu amasakaniza malambe ndi mkaka kupanga chakudya chotchedwa mutandabota. Akatswiri adayesa kuthiramo kachilombo kodziwika bwino ka Lactobacillus rhamnosus yoba mu mkaka wowiritsa, kuusasitsa tsiku limodzi ndi malambe pang'ono, kenaka n'kuwonjezera malambe ena. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2014 zidaonetsa kuti kachilomboko kadachuluka ndi kukhalabe ndi moyo m'chakudyacho. Kachilombo komweko kamagawidwa m'timapaketi touma kwa magulu opanga yogati ku Uganda ndi maiko ena. Iyi ndiyo njira yokhayo imene chakumwa cha pamudzi chingayandikire dzina la probiotic mopanda bodza: mbewu yodziwika, mkaka wowiritsa, ndi malambe amene Neno ili nawo ochuluka. Akatswiri a zakudya a ku Bunda ndi a pa yunivesite ya MUST ku Thyolo ali ndi ntchito yowadikira pano, yoyesa zomwezi ndi malambe a ku Lisungwi ndi mkaka wa m'deralo, n'kuuza anthu m'Chichewa zimene apeza.

Pali choonadi china chimene sichigulitsa mabotolo koma mpofunika chinenedwe. Tizilombo tabwino timene tili kale m'matumbo timadya timaulusi ta m'zakudya timene mimba siitha kugaya, topezeka mu nyemba, nandolo, mgaiwa, ndiwo zamasamba ndi m'zipatso zathunthu. Pofinya juwisi, timaulusi timeneti timatsala pa sefa n'kupita kwa nkhumba. Mwana amene wadya nachesi lathunthu, kapena kumung'unya malambe monga ana a ku Neno achitira kuyambira kalekale, wadyetsa bwino tizilombo ta m'matumbo mwake kuposa amene wamwa kapu ya juwisi wosefa wothira shuga. Pafupifupi theka la ufa wa malambe ndi timaulusi timeneti. Banja limene lilibe yogati wa mbewu kapena nkhuni zowiritsira madzi lisadzione ngati latsalira. Ndipo mango ochuluka angathenso kuumitsidwa padzuwa atadulidwa mopyapyala, n'kudyedwa mu Juni.

Khonsolo ya Neno, kudzera m'maofesi a zaumoyo ndi zaulimi, ili ndi anthu oti angafalitse zonsezi popanda ndalama zambiri. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amakumana ndi amayi pa sikelo ya ana mwezi ndi mwezi. Magulu a amayi ophunzitsana za kadyedwe ndi a banki m'khonde amakumana kale. Wailesi ya Neno FM imalankhula ndi anthu m'chinenero chawo. Makomiti a misika angathe kufunsa aliyense wogulitsa juwisi, thobwa ndi mafirizi kuti aonetse kumene amatunga madzi ndi mmene amawatetezera, ndi kuonetsetsa kuti pali chimbudzi ndi posamba m'manja pafupi. Mafumu, a Symon, Mlauli, Chekucheku ndi Dambe, mawu awo amamveka pa maliro ndi pa misonkhano pamene ndowa za zakumwa zimafululidwira anthu mazana nthawi imodzi.

Ndipo achite msanga potengera kalendala. Mango amapsa mu Novembala ndi Disembala, nthawi yomweyo imene mvula yoyamba imakokolola zonyansa za m'tchire kupita nazo m'mitsinje ndi m'zitsime zosatetezedwa, ndipo kolera amakonda kuyamba. Maphunziro a kapangidwe ka juwisi, kugawa kolorini ndi kuyendera misika ziyenera kuchitika mu Seputembala ndi Okutobala, mitengo ikadali ndi timango tatiwisi.